Kuphunzitsa Limba Mwana Mmodzimmodzi ku Kaseye: Mafunso ndi Mayankho

Ku Kaseye, m'boma la Chitipa, kuli mishoni ya Katolika, chipatala cha mishoni ndi sukulu ya sekondale ya atsikana. Malo otere sasowa nyimbo. Pa Misa, pa ukwati, pa maliro, pa tsiku lotsekera sukulu, oyimba ndi pakamwa amapezeka ambirimbiri. Amene amasowa, monga zilili m'matchalitchi ambiri a kumidzi, ndi munthu wokhala pa limba (piyano kapena kiyibodi) n'kuwaperekeza bwino oyimbawo. Akapezeka mmodzi, ntchito kapena sukulu ikamutengera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, chida chimatsala chovindikiridwa ndi nsalu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene makolo, akuluakulu a kwaya ndi achinyamata ofuna kuyamba kuphunzitsa amakonda kufunsa.

Mukunena za piyano, koma ife kuno timaona kiyibodi. Kodi n'chinthu chimodzi?

N'zapachibale, koma si chinthu chimodzi. Piyano inapangidwa ndi Bartolomeo Cristofori ku Florence, m'dziko la Italy, cha m'ma 1700. M'kati mwa piyano ya masiku ano muli nsambo zachitsulo zoposa 200, ndipo mukadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya kamamenya nsambozo. Mukadina mofatsa mawu amatuluka pang'ono, mukadina mwamphamvu amatuluka mokweza, ndipo luso lonse la piyano lagona pamenepo. Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Ndi yolemera moti amuna angapo amainyamula movutika, imafuna mmisiri woichuna kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndipo chinyezi, chiswe ndi makoswe ndi adani ake.

Kiyibodi imene timaiona m'matchalitchi, kaya ya Yamaha kaya ya Casio, nthawi zambiri ili ndi makiyi 61, opepuka, ndipo mawu ake amachokera m'zipangizo zamagetsi. Makiyiwo anawasanja mofanana ndi a piyano, choncho wophunzira pa kiyibodi sakutaya nthawi. Manotsi ndi omwewo, makodi (manotsi angapo olira pamodzi) ndi omwewo, kayendetsedwe ka zala ndi komweko. Chimene chimasowa ndi kulemera kwa makiyi. Mwana wokulira pa kiyibodi akakhala pa piyano koyamba, zala zimatopa msanga. Mphunzitsi wanzeru amayatsa mbali ija yochititsa kuti chida chizimva mphamvu ya chala, ngati kiyibodiyo ili nayo, kuti mwana azolowere kuyimba mofatsa ndi mokweza ndi zala zake, osati ndi batani la voliyumu.

Bwanji mwana asangophunzirira kukwaya komweko, monga anaphunzirira anzake? Mphunzitsi wapadera ngwachiyani?

Ambiri mwa oyimba kiyibodi athu anaphunzira chomwecho: kuima kumbuyo kwa woyimba, kuyang'anitsitsa zala zake, kenako kuba mphindi zisanu pamene akulu akupinda mawaya. Njira imeneyi yatipatsa anthu aluso ndipo sindiinyoza. Koma ili ndi malire. Pa pulakatisi ya kwaya nthawi ndi ya oyimba, palibe amene angaimitse nyimbo kuti akonze chala cha mwana. Mwana amatengera zonse zimene waona, zabwino ndi zolakwika zomwe. Akazolowera kuyimba ndi zala zitatu zokha, dzanja litagwa m'munsi mwa makiyi, mapewa ali m'mwamba, chizolowezicho chimavuta kuchichotsa kuposa mmene chikanavutira kuchipewa.

Mphunzitsi wa munthu mmodzi amaona zimene gulu silingaone. Amaona kuti mwana uyu khutu lake ndi lakuthwa koma sawerenga biti, uyo amawerenga bwino koma amaopa kulakwitsa pamaso pa anthu. Theka la ola limene mwana ali yekha pa chida, wina akumumvetsera iye yekha, limaposa miyezi ya kusuzumira. Ndipo pali phindu lina kwa mpingo wonse: munthu amene anaphunzitsidwa mwadongosolo amatha kufotokoza zimene akuchita, choncho amatha kuphunzitsa wina. Wongotengera ndi maso amayimba bwino, koma mukamufunsa chifukwa chimene wasinthira kodi pamenepo, amangoti “zimangobwera.” Zongobwera sizisiyirika mnzako.

Tsiku loyamba mphunzitsi ayambire pati?

Ayambire pa zimene mwanayo wabwera nazo. Mwana wa ku Chitipa sabwera m'manja muli mbee. Wakula akumva anthu akuyimba mawu awiri, atatu, anayi popanda pepala. Amadziwa kuomba m'manja mosiyana ndi kuponda kwa mapazi. Kawirikawiri amamva zilankhulo zingapo, Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, mwinanso Chiswahili cha kutsidya kwa Songwe kapena Chibemba cha ku Zambia, ndipo khutu lozolowera kusiyanitsa malankhulidwe otere ndi khutu logalamuka. Kumukhazika mwana wotere pansi n'kuyamba kumulembera mizere pa bolodi kwa mwezi wathunthu asanakhudze chida ndi kumulanda chuma chake.

Choncho ndimalangiza chonchi. Muuzeni ayimbe ndi pakamwa nyimbo imene amaidziwa bwino, yaifupi, ya kutchalitchi kapena ya kusukulu. Kenako muonetseni mmene makiyi akuda anakhalira m'magulu, awiri, atatu, awiri, atatu, ndi kuti kiyi yoyera ya kumanzere kwa akuda awiri ndi C. Muuzeni kuti lero C ndiye do. Tsopano afufuze yekha nyimbo yake ija pa makiyi, ndi dzanja lamanja. Alakwitsa, abwerera, alakwitsanso. Musamugwire dzanja. Mufunseni chabe kuti, “Mawu akwera kapena atsika?” Akaipeza mizere iwiri yoyamba, wapita kwawo tsiku limenelo akudziwa kuti chidachi chimatha kulankhula zimene zili kale m'mutu mwake.

Pa tsiku lomwelo mupatseni manambala a zala: chala chachikulu ndi 1, chaching'ono ndi 5, m'manja monse muwiri. Konzaninso kakhalidwe. Mpando ukhale woti mkono kuchokera pa chigongono kufika pa dzanja ukhale wowongoka molingana ndi makiyi. Mwana wamfupi muikireni buku kapena pilo pampando ndi njerwa yopondapo. Zala zipindike pang'ono, zikhadabo ziwengedwe. Izi zimaoneka zazing'ono, koma kupweteka kwa mkono kumene oyimba ena amadandaula atakula kumayambira pano.

Mphunzitsi wa ku Japan, Shinichi Suzuki, amene anamwalira mu 1998, anamanga njira yake yonse pa mfundo yakuti mwana amayamba kulankhula asanadziwe kuwerenga, ndipo nyimbo aziphunziranso chomwecho. Makwaya athu akhala akuchita zimenezi kuyambira kale.

Ana athu ambiri amadziwa do-re-mi ya kukwaya. Kodi n'kofunika kuti aphunzirenso manotsi a pa mizere isanu?

N'kofunika, koma do-re-mi isatayidwe. Kalembedwe ka d, r, m, f, s, l, t kamene makwaya athu amagwiritsa ntchito kanakonzedwa ku England m'zaka za m'ma 1800. Anakayamba ndi Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo m'busa John Curwen anakakonzanso n'kukafalitsa. Amishoni anabwera nako kuno, ndipo masukulu a mishoni monga a Livingstonia anakaphunzitsa kwambiri. Ubwino wake ndi woti do amasuntha: nyimbo ikhale mu F kapena mu G, ubale wa mawu sukusintha. Woyimba limba amene amaganiza mwa do-re-mi savutika kusamutsa nyimbo kupita mu kiyi ina, chifukwa amamva kuti apa tili pa do, apa tapita pa fa, apa pa so tikubwerera kwathu.

Vuto lake ndi loti kalembedweka kanapangidwira mawu a pakamwa, mzere umodzi munthu mmodzi. Woyimba limba amayenera kuona mizere inayi nthawi imodzi, sopulano ndi aluto ku dzanja lamanja, tena ndi besi ku dzanja lamanzere. Pa mizere isanu, diso limaona msanga kukwera ndi kutsika kwa mawu ngakhalenso maonekedwe a kodi yonse. Komanso pafupifupi nyimbo zonse zolembedwera piyano pa dziko lapansi zili m'kalembedwe kameneka. Wosakadziwa watsekeredwa kunja kwa mabuku onsewo.

Njira yabwino ndi kumanga mlatho. Tengani nyimbo imene mwana amatha kale kuiyimba ndi kuilemba mwa do-re-mi, muilembe naye pa mizere isanu, notsi iliyonse pansi pake pali chilembo chake. Pakapita milungu, yambani kufufuta zilembozo. Mphindi zisanu kapena khumi pa phunziro lililonse ndi zokwanira, bola zisadumphidwe. Ndipo nthawi zina mupatseni kanyimbo kamene sanakamvepo, chifukwa mwana wa khutu lakuthwa amatha kukupusitsani: amayang'ana pepala koma akuyimba za pamtima.

Woyimba wathu amayimba nyimbo zonse mu kiyi imodzi n'kumangodina transpose, biti ikudziyimba yokha. Anthu amavina ndithu. Cholakwika n'chiyani?

Funso ili ndi limene limandikhudza kwambiri. Mabatani awiriwa ndi amene afulumizitsa achinyamata ambiri kufika kutsogolo kwa mpingo, ndipo ndi omwewo amene awaimitsa pamalo amodzi kwa zaka.

Tiyambe ndi transpose. Batani limeneli limakweza kapena kutsitsa mawu a chida chonse, moti munthu amene amadziwa F yokha amatha kuperekeza nyimbo ya mu kiyi iliyonse zala zake zili pa malo omwewo. Pa tsiku la mavuto limathandiza. Koma taganizani zimene zimachitika mayi wina akayambitsa nyimbo pakati pa mapemphero, mu kiyi imene yamubwerera. Woyimba amayamba kudinadina batani kufunafuna, chida chikulira mosemphana ndi anthu, mpaka ndime yoyamba yatha. Akasintha nyimbo n'kuiwala kubwezera batani pa ziro, kwaya imalowa pamwamba kapena pansi kwambiri. Akaitanidwa kumene kuli piyano yeniyeni, alibe chochita. Mphunzitsi asaletse batanili ndi ukali, koma pa phunziro lisakhudzidwe. Yambani ndi C, F ndi G. M'kiyi iliyonse mwana adziwe sikelo ndi zala zoyenera, ndi makodi atatu amene amanyamula nyimbo zathu zambiri: do-mi-so, fa-la-do ndi so-ti-re. Aphunzire kuwatembenuza makodiwo kuti dzanja lisamalumphe mtunda wautali. Akakhazikika, onjezani la-do-mi ndi re-fa-la. Kenako D, B flat, E flat, A flat ndi ena otsala. Njira yosavuta ndi kutenga nyimbo imodzi yomwe mwana amaikonda n'kuisamutsira mu kiyi yatsopano mwezi uliwonse. Makiyi akuluakulu oyimbiramo nyimbo alipo 12, choncho ntchitoyi ili ndi mapeto ooneka.

Biti yodziyimba yokha ndi nkhani ina. Makina sapuma mpweya. Mpingo umapuma pa mapeto a mzere, umachedwa pang'ono pa mawu olemera, umafulumira pamene mtima wakwera. Biti ya makina ikayatsidwa, anthu mazana amakakamizika kutsata kabokosi, ndipo ng'oma ndi visekese zimene zinali m'manja mwa anthu zimasowa malo. Pa nyimbo zina zachisangalalo imakhala bwino, sindikana. Koma nyimbo ya maliro kapena ya nthawi ya Lenti imafuna woyimba amene akumvetsera anthu. Komanso dzanja lamanzere la mwana wozolowera biti limasanduka lodinira chabe, silidziwa kuyenda ngati besi. Pa phunziro, biti izigwiritsidwa ntchito ngati chowerengera nthawi basi: kagunda kamodzi kosavuta, pang'onopang'ono, kuti mwana aone ngati akuthamanga.

Woyimba limba m'tchalitchi ali pamenepo kuti anthu ayimbe bwino. Ngati mawu a nyimbo sakumveka chifukwa cha sipika, voliyumu itsike. Izinso ndi phunziro, ndipo mphunzitsi azilinena mobwerezabwereza.

Kunyumba kulibe kiyibodi. Mwana aziyeserera pa chiyani?

Apa ndi pamene ana ambiri amagwera ulesi, ndipo si vuto lawo. Kiyibodi ndi katundu wochokera kunja, kaya mwagula ku Mzuzu kaya kudzera ku Tunduma ndi Nakonde, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya zinthu zotere inakwera kwambiri. Banja lolima chimanga ndi nyemba silingayambire pamenepo.

Zilipo njira. Yoyamba ndi kujambula makiyi pa katoni, kukula kwake kofanana ndendende ndi kwa makiyi enieni. Katoni salira, koma mwana aziyimba ndi pakamwa pamene zala zikuyenda, ndipo zimenezi zimalimbitsa khutu kuposa kungodina. Yachiwiri ndi kukambirana ndi komiti ya tchalitchi kapena akuluakulu a sukulu kuti pakhale ndandanda: ana awiri kapena atatu, aliyense mphindi 20, masiku odziwika, pali wamkulu woyang'anira. Yachitatu ndi kusonkha mabanja angapo n'kugula chida chimodzi chakale. Ngati pakhomo pali foni, mphunzitsi ajambule manja ake akuyimba pang'onopang'ono zimene wapereka sabata imeneyo n'kutumiza pa WhatsApp.

Chachikulu n'chakuti mphindi 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha. Ndipo mphunzitsi alembe m'kope zoti mwana akachite, momveka: “mizere iwiri yoyamba, dzanja lamanzere lokha, kasanu, pang'onopang'ono.” Kungoti “ukayeserere” sikuthandiza mwana wa zaka zisanu ndi zinayi.

Nanga magetsi akathima, kapena kumene sanafike?

Makiyibodi ang'onoang'ono ambiri amayendera adaputala ya mavoti 12 kapena 9, ndipo ena amalandira mabatire asanu ndi limodzi a AA. Sola ndi batire zimawayendetsa bwinobwino, koma onetsetsani mavoti ndi mbali ya pulasi ndi mainasi zolembedwa kumbuyo kwa chida musanalumikize chilichonse. Zida zambiri zimapsa chifukwa cha adaputala yobwereka. Nthawi ya mvula, zulani pulagi mukamaliza, poopa mphezi ndi magetsi obwera mwamphamvu. Chilimwe, vindikirani chifukwa cha fumbi. Mphemvu zimakonda kufunda kwa m'kati, choncho pafupi ndi chida pasamadyedwe kanthu.

Magetsi akathima phunziro lisathe. Tsiku limenelo ndi la kuomba biti m'manja, kuwerenga manotsi ndi kuyimba ndi pakamwa.

Mwana ayambe ali ndi zaka zingati? Nanga ife akuluakulu tachedwa?

Zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri ndi zabwino, mwana akamatha kukhala pansi theka la ola ndi kuwerenga mpaka khumi. Wocheperapo aziyimba ndi kuvina, nthawi yake ifika. Akuluakulu simunachedwe. Munthu wamkulu amamvetsa msanga za makodi ndipo amadziwa chimene akufuna. Chimene chimamuvuta ndi manyazi ndi kuuma kwa zala zozolowera khasu. Mphunzitsi wachinyamata akamaphunzitsa bambo kapena mayi wa msinkhu wa makolo ake, asunge ulemu wonse, koma asaope kunena kuti, “Bambo, tibwerezenso pamenepa.” Amene walipira kuti aphunzire amafuna kukonzedwa.

Za malipiro zimatichititsa manyazi, makamaka poti tonse ndife a mpingo umodzi. Tizichita bwanji?

Muzikambirana poyera, tsiku loyamba, makolo alipo. Maphunziro ambiri otere amatha osati chifukwa cha nyimbo, koma chifukwa cha ngongole imene palibe anaitchula. Mphunzitsi amayamba kuzemba, kholo limaona ngati mwana akunyozedwa, ndipo Lamulungu anthu akupatsana moni wa m'mano.

Luso limeneli munthu analivutikira, ndipo nthawi imene akuphunzitsa akanakhala kumunda kapena ku geni yake. Kulipiritsa si tchimo. Gwirizanani zinthu zinayi: phunziro ndi lalitali bwanji, kangati pa sabata, malipiro ndi a mwezi kapena a teremu, ndipo chimachitika n'chiyani wina akajomba. Maliro ndi matenda ndi zomveka kwa tonse, phunzirolo libwezedwe tsiku lina. Kujomba kopanda uthenga kulipiridwe. Ndalama kumudzi zimabwera ndi nyengo, choncho n'kwanzeru kulola kuti banja lilipire pokolola, kapena ndi chimanga, nyemba, nkhuku, pa mtengo umene nonse mwauvomereza. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale si yokakamiza munthu.

Ngati mukuphunzitsira pa chida cha tchalitchi n'kumalandira ndalama, pemphani chilolezo kwa Bambo Mfumu kapena abusa ndi komiti, ndipo muziikapo kangachepe kothandiza kukonzetsa chidacho. Ndi katundu wa anthu onse. Ndingapemphenso mphunzitsi aliyense kuti, pa ana amene akulipira, asungepo malo amodzi a mwana waluso amene kwawo sangathe. Parishi kapena mphakati ungathenso kumulipirira mwana wotere, pogwirizana kuti adzatumikira.

Ndili ndi mwana wamkazi amene akufunitsitsa. Koma oyimba kiyibodi onse ndi anyamata, ndiponso ndikuopa kumusiya yekha ndi mphunzitsi wamwamuna.

Mantha anuwo ndi oyenera, mayi, ndipo mphunzitsi wabwino sangakhumudwe nawo. Phunziro lizichitika masana, pamalo poonekera, chitseko chili chotsekula, pali mchemwali, mchimwene kapena inu amene. Lisachitikire kuchipinda chogona cha munthu. Mphunzitsi azionetsa ndi dzanja lake pa makiyi m'malo mogwiragwira mwana, ndipo mauthenga a pafoni azidzera kwa kholo. Malamulo amenewa ndi a ana onse, aamuna ndi aakazi, ndipo amatetezanso mbiri ya mphunzitsi. Amene akukana malamulo otere musamupatse mwana wanu, ngakhale atakhala katswiri wotani.

Mukakonza zimenezo, mulekeni aphunzire. Palibe chilichonse m'zala za mnyamata chimene mtsikana alibe. M'makwaya athu atsikana ndi amayi ndiwo ambiri, koma chida chikabwera anyamata ndiwo amachizungulira, ndipo mtsikana amachita manyazi kulimbirana nawo. Apa ndi pamene phunziro la munthu mmodzi limathandiza kwambiri, chifukwa nthawiyo ndi yake, palibe womukankha. Chimene chimawagwetsa atsikana ambiri ndi ntchito za pakhomo: mnyamata akuyeserera, iye ali kumjigo. Mupatseni mphindi zake 15 zija monga mmene mumamupatsira nthawi ya homuweki. Pamalo ngati Kaseye, pamene pali sukulu yathunthu ya atsikana amene amayimba pa mapemphero awo, n'zomvetsa chisoni ngati woyimbira limba azichita kuchokera kunja nthawi zonse.

Kodi limba silidzachititsa ana kunyoza nyimbo ndi magule a kwathu?

Zimatengera mphunzitsi. Akamaphunzitsa ngati kuti nyimbo zenizeni ndi za ku Ulaya zokha, ana adzatengera maganizo omwewo. Koma Chitipa ili ndi chuma chimene dziko lapansi linachivomereza: mu 2018 bungwe la UNESCO linaika gule wa mwinoghe, wa Asukwa, Andali ndi Abandya, pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse. Gule ameneyu amayendera ng'oma zitatu ndi wezulo. Mwana amene amamva mmene ng'oma zitatu zimalukirana ali kale ndi chimene ophunzira piyano ambiri amachivutikira, ndicho kuchititsa manja awiri zinthu ziwiri zosiyana nthawi imodzi. Muuzeni aombe pa tebulo kugunda kuwiri ndi dzanja lamanzere pamene lamanja likugunda katatu, kenako asamutsire pa makiyi. Mudzaona kuti zimene buku limaziika kumapeto, iye amazitha mwezi woyamba.

Mpingo wa Katolika nawonso unatsekula khomo limeneli kalekale. Chikalata cha msonkhano wa Vatican II chokhudza chipembedzo, cha mu Disembala 1963, chinalola zilankhulo za anthu ndipo chinalimbikitsa kulemekeza nyimbo za makolo awo. Ku Balaka, Alleluya Band imene inayamba mu 1978 mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici inaonetsa zimene zingatuluke pa parishi achinyamata akapatsidwa zida: Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda anachokera kumeneko. Kumpoto kuno, Wambali Mkandawire anatenga nyimbo za Chitumbuka n'kuziyimba ndi makodi a jazi popanda kuzichotsa fungo la kwawo.

Chenjezo limodzi: nyimbo zina za makolo sizikhala bwino ndi makodi atatu aja, ndipo mawu ake ena amagwera pakati pa makiyi awiri. Zikatero musaikakamize nyimbo kuti igwirizane ndi chida. Yimbani besi yokha mopepuka, kapena chotsani manja, ng'oma ndi mawu zichite ntchito yake.

Mwana angayambe liti kuyimbira mpingo?

Msanga, koma pang'onopang'ono. Akatha nyimbo imodzi ndi manja awiri, osaima akalakwitsa, mupatseni nyimbo imodziyo pa mapemphero a pakati pa sabata kapena a ana, mphunzitsi atakhala pambali pake. Aphunzire kuyamba ndi mzere womaliza wa nyimbo kuti anthu amve kiyi ndi liwiro, kuyang'ana wotsogolera kwaya, ndi kupitirira ngakhale chala chitaterereka. Akulu a kwaya mumuyamikire, zokonza mukanene kumbali. Mwana wodzudzulidwa pagulu tsiku lake loyamba kawirikawiri sabwereranso pampando umenewo.

Akafika pamene mphunzitsi wake walekezera, apite kuti?

Mphunzitsi woona mtima amadziwa tsiku limenelo likafika, ndipo amanena. Kusunga mwana chifukwa cha malipiro pamene mulibenso chomupatsa ndi kumuchedwetsa. Pafupi kwambiri ndi ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa boma la Chitipa, kumene mayi wa ku South Korea, Pulofesa Agnes Kim, katswiri woyimba amene anaphunzitsa pa yunivesite kwawo, anakhazikitsa Lusubilo Music Centre, kumene kunachokera Lusubilo Band. Dayosizi ya Karonga, imene inakhazikitsidwa mu 2010 ndipo Kaseye ili m'dera lake, ili ndi wailesi ya Tuntufye FM, ndipo misonkhano ya makwaya a m'maparishi ndi malo abwino okumanirana ndi oyimba ena odziwa zambiri. Ku Lilongwe kuli Music Crossroads, ku Area 23, imene ili ndi sukulu ya nyimbo. Ku Zomba, University of Malawi imaphunzitsa nyimbo mpaka digiri, koma kulowa kumeneko kumafuna MSCE yabwino, choncho limba lisadye nthawi ya masamu ndi Chingerezi.

Kwa ofuna satifiketi yodziwika kunja, pali mayeso a ABRSM, bungwe la ku London limene linayamba mu 1889, ndi a Trinity College London. Onse ali ndi magiredi kuyambira 1 mpaka 8. Kuyambira 2020 ABRSM ili ndi mtundu wa mayeso umene wophunzira amajambula vidiyo akuyimba n'kutumiza pa intaneti, zimene zachepetsa vuto la mtunda, ngakhale malipiro ake amatsata ndalama zakunja ndipo magiredi apamwamba amafuna chida cha makiyi 88 olemera ndi pedulo. Mayesowa si okakamiza kwa woyimbira mpingo. Koma ndandanda ya zimene amafunsa pa giredi iliyonse imapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo mphunzitsi wa ku Kaseye angaitsitse pa foni n'kuigwiritsa ntchito poyeza pamene ophunzira ake afika, ndi pamene iye mwini ayenera kuwonjezera.